Kuchokera pa wailesi ya poto kufika pa foni: mmene Lusaka inaphunzirira kujambula mawu

Mu Seputembala 2024 ndinajambula ambuya ena a kuno ku Emmasdale kwa ola limodzi ndi mphindi khumi. Anali ndi zaka zoposa 80, ndipo anabwera mu Lusaka kuchokera ku Katete dziko lisanalandire ufulu. Nkhani yawo ndinaifunira pulogalamu ya achikulire imene timakonza pa wailesi ya m'dera kumene ndimathandizako. Tinakhala pakhonde. Foni ndinaiika patebulo pakati pa makapu a tiyi, mwina mita imodzi ndi theka kuchokera pamene anakhala. Chaka chimenecho madzi anachepa ku Kariba, malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse, ndipo kuseri kwa mpanda jenseti ya aneba inali kulira. Makutu anga anali ataizolowera, moti sindinaiganizireko n'komwe.

Patapita miyezi inayi ambuya aja anatisiya. Maliro atatha, mdzukulu wawo anandiimbira foni. "Akulu, paja munawatepa ambuya. Kodi anakambako za munda wa kumudzi?" Anakambako ndithu. Kumudzi kunali kutabuka mkangano pakati pa mabanja awiri apachibale: ena amati munda unaperekedwa kwa iwo kalekale, ena amati unangobwerekedwa chabe. Ndinavala mahedifoni ndi kupeza malowo pa mphindi ya 43. Ambuya akuti, "Munda uja..." ndipo mawu otsatira angakhale "tinawapatsa" kapena "sitinawapatse". Ka "si" ka kumayambiriro kanamira mu kulira kwa jenseti. Chilembo chomaliza, chimene chikanandiuza ngati ndi "a" kapena "e", chinagwera pamodzi ndi hutala ya minibasi ya mu Great North Road.

Ndinabwereza malo amenewo mpaka usiku. Ndinapatsa anzanga awiri kuti amvetsere: wina anamva "tinawapatsa", wina anamva "sitinawapatse". Pomaliza ndinamuuza mdzukulu uja zoona, kuti sindingalembe chimene sindinamve.

Manyazi amenewo ndi amene anandituma kufunsa mmene anzathu akale anali kugwirira nchito imeneyi. Ndinapeza kuti vuto langa ndi lakale kuposa ufulu wa dziko lino, ndipo mankhwala ake anapezeka kale mu mzinda uno. Ife a mafoni tinangowaiwala.

Wailesi ya poto

Kuulutsa mawu kunayamba mu Lusaka mu 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Boma la atsamunda linaika kamakina kochepa mphamvu kuti anthu azimva nkhani za nkhondo, pakuti anyamata ambiri a dziko lino anali atatengedwa usilikali ndi kutumizidwa kutali. Omvera anali ochepa. Wailesi inali yodula, ndipo munthu wamba anali kuimvera pagulu, pa boma kapena mu holo ya mu komboni.

Zinthu zinasintha mu 1949. Harry Franklin, amene anali mkulu wa dipatimenti yofalitsa nkhani mu Northern Rhodesia, anakhala nthawi yaitali akufunafuna kampani yoti ipange wailesi yotchipa yoyendera batire. Kampani ya Ever Ready ya ku Britain inavomera. Inapanga wailesi yozungulira ngati poto, yopakidwa buluu, imene inatchuka ndi dzina lakuti Saucepan Special. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire mashileni 25. Aphunzitsi, makalaliki, anthu a mu migodi ndi alimi ogulitsa fodya anayamba kugula, ndipo nyumba imodzi ikakhala nayo, aneba onse anali kusonkhana pamenepo madzulo.

Nyumba youlutsira mawu ya mu Lusaka inatchedwa Central African Broadcasting Station. Inali kutumikira anthu akuda a maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, mu Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingelezi. Apa panabuka funso: kodi muwaulutsira chiyani anthu onsewa? Kunalibe sitolo yogulitsa nthano za Chinyanja kapena nyimbo za kumudzi zokwanira kudzaza maola onse. Ogwira nchito pa wailesi anayenera kutuluka ndi makina awo kukajambula okha, m'midzi ndi m'makomboni.

Tepi isanafale, mawu anali kujambulidwa pa mbale. Singano inali kukanda mizere pa mbale yofewa pamwamba pamene munthu akuyankhula. Mbale ya liwiro la 78 inali kutenga mphindi zitatu kapena zinayi chabe mbali imodzi, ndipo zolembedwapo sizinali kufufutika. Tambala akalira pakati pa nkhani, ndiye kuti walowamo mpaka kalekale. Chifukwa cha ichi wojambula anali kuyamba ndi makutu asanakhudze makina: kusankha malo, kuthamangitsa nkhuku, kupempha oonerera kuti akhale chete, kuyesa mawu a munthu. Tepi inapangidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1930 ndipo inafala nkhondo itatha. Inalola kujambula nthawi yaitali, kufufuta, ngakhale kudula ndi lezala ndi kulumikizanso. Koma chizolowezi choyamba ndi makutu chinatsala, chifukwa tepi nayonso imasunga chimene maikolofoni yamva, osati chimene wojambula anafuna kuti imve.

Nkhata ndi Tracey

Tonse timadziwa Alick Nkhata Road, msewu umene uli ndi Mass Media Complex, likulu la ZNBC. Ochepa a ife timadziwa kuti mwini dzinalo anali wojambula mawu. Nkhata anabadwira ku Kasama mu 1922, anapita ku nkhondo ku Burma, ndipo atabwerako anagwira nchito ndi Hugh Tracey, Mngelezi wokhala ku South Africa amene anayendayenda m'maiko ambiri a mu Africa kujambula nyimbo ndi nthano. Pambuyo pake Nkhata analowa wailesi ya mu Lusaka monga muulutsi, womasulira ndi woimba, nakwera mpaka kukhala mmodzi wa akuluakulu ake dziko litalandira ufulu. Anafera ku Mkushi mu Okutobala 1978, pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu a Zimbabwe pafupi ndi famu yake.

Njira za Tracey ndi zimene zinandichititsa manyazi kwambiri. Makina ake anali kufuna magetsi, ndipo kumidzi kunalibe, choncho anali kunyamula jenereta pa galimoto. Jeneretayo anali kuiika kutali ndi malo ojambulira, magetsi n'kumabwera ndi chingwe chachitali, kuti kulira kwake kusalowe mu tepi. Maikolofoni sanali kuiimika pamalo amodzi. Anali kuigwira m'manja, kuisendeza kwa amene akutsogolera nyimbo, kenako kwa ovomera, kenako pa ng'oma. Akamaliza anali kuwaseweretsera anthu zimene ajambula kuti adzimve okha. Ndipo chojambula chilichonse chinali ndi kakhadi kake: dzina la woimba, malo, chaka, chiyankhulo ndi tanthauzo la mawu.

Tracey anajambula mu Northern Rhodesia ndi mu Nyasaland m'zaka za m'ma 1950. Mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music ku Roodepoort, imene mu 1978 inasamukira ku Rhodes University mu tauni imene lero ikutchedwa Makhanda. Mbale zake za Sound of Africa zinaposa 200. Pali zambiri zimene tingafunse za mzungu wonyamula nyimbo za anthu nthawi ya utsamunda, ndipo anthu amafunsadi. Koma chifukwa mawu akumveka bwino ndipo makhadi alipo, lero n'zotheka kubweza nyimbo ku dera kumene inachokera, mdzukulu n'kumva mawu a agogo ake. Chojambula chopanda khadi chili ngati mwana wotayika pa Soweto Market amene sadziwa dzina la amake.

Taonani kusiyana kwake. Munthu wa zaka 70 zapitazo anakoka chingwe chachitali kuthawa jenereta. Ine, ndi foni yoposa makina ake onse, ndinakhala pafupi ndi jenseti ndi kuika maikolofoni pakati pa makapu.

Mantha a banyama

Pali phunziro lina limene silikhudza makina. Mu 1953 maiko atatu aja anamangidwa pamodzi mu Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija akulu amati Fedelesheni, anthu akuda ambiri akukana. Nthawi imeneyo kunafala mphekesera za banyama, anthu amene amati amagwira anzawo ndi kuwapopa magazi potumikira azungu. Mphekeserazo zinagwera ndi aulutsi a wailesi ya mu Lusaka. Anthu anali kufunsa kuti munthu wakuda angawerenge bwanji nkhani zokomera Chitaganya ngati sanalandidwe mtima. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa wailesiyo, anasimba za masiku amenewo mu buku lake lotchedwa Wayaleshi, lotuluka mu 1959.

Ena angaseke, koma funso la anthu aja linali lanzeru: mawu anga mukupita nawo kuti, ndipo mukawachita chiyani? Munthu amene sakukhulupirira samakana nthawi zonse. Amangotsitsa mawu, kuyang'ana kumbali, kumeza mathero a ziganizo. Palibe maikolofoni imene ingakonze zimenezo. Lero mantha si a banyama, ndi a Facebook ndi TikTok. Amayi a pa msika amaopa kuti mawa adzadzipeza akusekedwa pa foni ya aliyense. Ukawafotokozera bwino kuti ndiwe ndani, mawu adzamveka kuti, ndi kuti ali ndi ufulu wokana kapena woimitsa, amakhala tsonga ndi kuyankhula momasuka. Kupempha chilolezo ndi ulemu, komanso ndi njira yokwezera mawu popanda kukhudza batani lililonse.

Poceza m'Madzulo

Chitaganya chinatha kumapeto kwa 1963, ufulu unabwera pa 24 Okutobala 1964, ndipo mu 1966 wailesi inatchedwa Zambia Broadcasting Services. M'zaka zimenezo kunamveka munthu amene makolo athu akum'mawa amamukumbukirabe: Julius Chongo, ndi pulogalamu yake ya Chinyanja yotchedwa Poceza m'Madzulo. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kulowa m'ma 1970, Chongo anali kusimba nthano pa wailesi ali yekha, akusintha mawu kukhala nkhalamba, mtsikana, mfumu, chidakwa, onse m'kamwa mumodzi.

Mawu a pa wailesi amapita ndi mphepo. A Chongo sanapite onse. Ernst Wendland, amene anali mphunzitsi pa seminale ya Lutheran ku Chelstone kuno ku Lusaka, anaphunzira nthano zimenezi, zitatsitsidwa kuchoka pa matepi kupita papepala. Mu 1979 analemba nazo digiri yake ya udokotala ku University of Wisconsin ku America, ndipo mu 2004 UNZA Press inasindikiza buku la zina mwa nthanozo, mu Chinyanja pamodzi ndi kumasulira kwake mu Chingelezi. Wachinyamata amene sanamvepo mawu a Chongo angathe kuwerenga mmene anali kulukira nkhani.

Ganizani chimene chinafunika kuti zimenezi zitheke. Katswiri wa nthano sayankhula ngati wowerenga nyuzi. Amanong'ona, amakuwa, amathamanga, amaima. Chinyanja cha nthano chimadzaza ndi timawu tojambula zinthu: munthu kugwa kuti khu, nyumba kukhala kuti zii, mwana kuthawa kuti liwiro psuu. Timawu totere nthawi zambiri simutipeza mu dikishonale, ndipo simungatiganizire kuchokera ku mawu oyandikana nato. Mukapanda kutimva, tapita. Nthano za Chongo zinalembeka chifukwa zinajambulidwa mu situdiyo: munthu mmodzi, pafupi ndi maikolofoni, mu chipinda chotseka chosabweza mawu. Dzina lake linali Chongo, koma pa tepi panalibe chongo.

Kaseti, foni ndi makina olemba okha

Kampani ya Philips inatulutsa kaseti mu 1963, ndipo patapita zaka kujambula kunachoka m'manja mwa boma ndi akatswiri kufika kwa aliyense. Mabanja anali kutumizirana makaseti m'malo mwa kalata. Ndale za zipani zambiri zitabwerera mu 1991, mawailesi osakhala a boma analoledwa. Radio Phoenix inayamba mu Lusaka mu 1996. Ku Chipata, Mike Daka anayambitsa Breeze FM kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, ndipo kumeneko kunatchuka Gogo Breeze, muulutsi wachikulire woyenda m'midzi ndi m'misika kujambula madandaulo a anthu. Harri Englund wa ku University of Cambridge analemba buku lonse la iye, lotuluka mu 2018.

Koma pamene kujambula kunatchipa, kusamala kunatchipanso. Tepi inali kufufutidwa kuti ijambulirenso zina, ndipo mawailesi ambiri padziko anataya mapulogalamu awo akale mwa njira imeneyi. Kaseti yosungidwa mu nyumba ya malata imawonongeka ndi kutentha, chinyezi ndi nkhungu. Foni yabweretsa ufulu wochuluka koposa, pamodzi ndi ulesi wochuluka koposa. Timadina batani lofiira poganiza kuti makina adzakonza zonse. Timatumiza nkhani ya agogo ngati voice note ya pa WhatsApp, imene imafinya mawu kuti asadye mabandulo, kenako foni ikabedwa mu minibasi zonse zapita.

Manje kwabwera makina olemba okha zimene munthu wayankhula. Mu Chingelezi amagwira bwino ndithu, chifukwa anaphunzitsidwa ndi maola ankhaninkhani a mawu. Ziyankhulo zathu zili kumbuyo, koma nchito inayamba. Mu 2023 ofufuza a pa University of Zambia, motsogozedwa ndi Claytone Sikasote, anatulutsa nkhokwe ya mawu yotchedwa Zambezi Voice, ya Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi. Muli maola pafupifupi 160 a nyuzi ndi zokambirana za pa wailesi amene sanalembedwe, ndi maola oposa 80 a anthu owerenga ziganizo za m'mabuku, chiganizo chilichonse pamodzi ndi malemba ake.

Onani bwino chimene makinawo amaphunzirapo: mawu omveka, a munthu mmodzi, ogwirizana ndi zolembedwa. Mukawapatsa ambuya a pakhonde pamodzi ndi jenseti, sadzanena kuti "sindinamve". Adzalemba chimene chikuoneka choyandikira, mwaukhondo, mopanda manyazi. Pa mphindi ya 43 makina akanasankha limodzi mwa mawu awiri aja, ndipo banja lina likananyamula pepala kupita nalo kwa amfumu. Komanso mapulogalamu athu a pa wailesi ndi amene mawa adzakhala chakudya cha makina amenewa. Tikajambula mosasamala, tikuphunzitsa makina Chinyanja chosamveka.

Zimene Chinyanja chimataya mu chongo

Chiyankhulo chathu chimanyamula tanthauzo lalikulu pa timawu tating'ono. Kukana kumakhala pa "si" kapena "sa" kumayambiriro: anabwera, sanabwere. Mphamvu yambiri ya liwu la "s" ili pamwamba pa 4,000 Hz, pamene foni yoimbirana mwa masiku onse imadutsitsa mawu a pakati pa 300 ndi 3,400 Hz chabe. N'chifukwa chake kujambula munthu kudzera pa kuimbirana kumavutitsa polemba. Mapulogalamu ochotsa phokoso nawonso, mukawakakamiza kwambiri, amatenga "s" ngati mphepo ndi kumuchotsa.

Nthawi imasiyana ndi chilembo chimodzi: ndinapita, ndimapita, ndidzapita. Kampweya kakang'ono kamasiyanitsa "pala" ndi "phala", "kula" ndi "khula". Ndipo pali kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene sitikulemba n'komwe: mtengo wa mango ndi mtengo wa pa sitolo, khungu la thupi ndi khungu la maso. Pamaso ndi pamaso timathandizidwa ndi milomo, manja ndi nkhope. Pa chojambula zonsezo kulibe. Kwatsala khutu lokha.

Choncho zimene anali kuchita akale zikali zofunika, ndipo zambiri sizifuna ndalama. Choyamba ndi kuyandikira. Mukachepetsa mtunda ndi theka, mphamvu ya mawu yofika pa maikolofoni imachuluka pafupifupi kanayi, pamene jenseti ya kuseri kwa mpanda ikhala chimodzimodzi. Foni yanga ikanakhala pa masentimita 25 m'malo mwa mita ndi theka, mawu a ambuya akanafika ndi mphamvu yochuluka kuposa ka 30. Igwireni m'manja ngati Tracey, motalika ngati chikhatho chotambasula kuchokera pakamwa, chapambali pang'ono kuti mpweya wa "ph" ndi "th" usaiwombe. Patebulo imatola kugunda kwa makapu ndi zala.

Chachiwiri ndi malo. Khonde loyang'ana ku Sheki Sheki Road ndi labwino pocheza, osati pojambula. Sitingi ya matailosi ndi zipupa zopanda kanthu imabweza mawu, ndipo mawu obwerera amaphimba mathero a ziganizo. Chipinda chogona, chokhala ndi matiresi, makatani ndi zovala, nthawi zambiri ndicho situdiyo yabwino ya nyumba ya mu komboni. Galimoto yoimikidwa, injini yozima, mawindo otseka, nayonso imathandiza. Zimitsani TV, fani ndi wailesi. Mvula ikayamba kugunda malata, dikirani. Mphepo ya mu Ogasiti ikakupezani panja, ipatseni msana ndi kuveka foni sokosi yoyera. Musanayambe, tsekani maso kwa mphindi imodzi ndi kumvetsera: zonse zimene mudzamve, maikolofoni idzazimva koposa, chifukwa ilibe ubongo wozolowera phokoso ngati wathu.

Chachitatu ndi kuyesa. Ikani foni pa flight mode kuti munthu asakuimbireni pakati pa nkhani. Ngati pulogalamu yanu yojambulira ilola, sankhani WAV, imene siifinya mawu. Jambulani masekondi 30, mvetserani ndi mahedifoni, konzani, kenako yambani. Kumayambiriro nenani tsiku, malo, dzina la munthu ndi kuti wavomera: limenelo ndilo khadi lanu. Anthu akakhala ambiri, apempheni kuti aziyankhula mmodzimmodzi. Inunso phunzirani kuvomera ndi mutu, chifukwa ma "eee" ndi ma "zoona" athu amagwera pamwamba pa mawu a mwini nkhani. Mukamva galimoto yadutsa pa mawu ofunika, musachite manyazi kunena kuti, "Ambuya, pepani, bwerezaniko pamene paja." Akatchula dzina la mudzi, mtsinje kapena munthu, afunseni kachiwiri ndi kulilemba pomwepo.

Chachinayi ndi kulemba msanga, mwini mawu akali moyo ndipo inu mukali kukumbukira. Ola limodzi la nkhani lingakudyereni maola anayi kapena asanu ndi limodzi polemba, ndiye kuona maso a nkhono n'kudekha. Lembani chimene munthu wanena, osati chimene mukuganiza kuti akananena. Ngati wasakaniza Chinyanja, Chinsenga, Chibemba ndi Chingelezi monga timachitira mu tauni, siyani momwemo, pakuti nayonso ndi mbiri ya Lusaka. Sankhani kalembedwe kamodzi, kaya "cifukwa" wa kusukulu kapena "chifukwa", ndi kukhala nako mpaka kumapeto. Pamene simunamve, ikani chizindikiro ndi mphindi yake, osaganizira. Mukagwiritsa nchito makina olemba okha, tengani zotulukazo ngati za mwana wa sukulu: muzichonge mzere ndi mzere, mahedifoni ali kumutu. Pomaliza bwererani kwa mwini nkhani mukamuseweretsere ndi kumuwerengera. Fayilo isungeni malo awiri, ndipo potumiza pa WhatsApp itumizeni ngati document kuti isafinyidwe.

Akulu anati mawu a akulu akoma akagonera. Koma kuti agonere, ayenera kusungika momveka. Munthu amene anali ndi zaka 20 pa tsiku la ufulu lero wapitirira zaka 80. Amene anaona Matero ndi Chilenje zikumangidwa, amene anamvera wailesi ya poto ali ana, amene anathawa utsi wokhetsa misozi nthawi ya Chachacha mu 1961, akutha mmodzimmodzi. Ambiri a iwo sanalembe buku ndipo sadzalemba. Chimene chidzatsale ndi chimene ife tidzajambule, ndipo mwayi wake nthawi zambiri umakhala umodzi chabe.

Mwezi watha ndinakajambula ashikulu ena a ku Chaisa amene anagwira nchito ya njanji zaka zambiri. Ndinafika m'mawa, mabala asanatsegule nyimbo. Ndinapempha aneba kuti azimitse jenseti kwa ola limodzi, ndipo anavomera mosavuta nditawauza chifukwa chake. Tinakhala ku chipinda chogona, iwo pa bedi, ine pa kampando, foni m'manja mpaka dzanja linachita dzanzi. Nditabwerera ndi mapepala patapita sabata, anamvetsera mawu awo akumwetulira, kenako anandiimitsa. "Iwe mwana, apa walemba Kafue. Ine ndinati Kapiri." Tinabweza pang'ono ndi kumvetsera tonse awiri. Analidi Kapiri. Ndinalakwitsa ndine polemba, ndipo chojambula chinali chomveka mokwanira kutiweruza.

Za munda wa ku Katete, mabanja aja akali kukambirana kwa amfumu. Mapepala a ambuya ndinawapereka kwa mdzukulu wawo, masamba 19, onse olembedwa bwino kupatula mzere umodzi. Pa mphindi ya 43 ndinalembapo kuti: apa sipakumveka.